Zoti kakampani kakang'ono ka zovala za yoga sikaononga chilengedwe

Ndatopa nazo zomwe anthu akhala akunena zaka zonsezi, ati kampani ikakhala yaing'ono ndiye kuti zovala zake za yoga siziononga chilengedwe komanso osoka amalipidwa bwino. Abale, kuchepa kwa kampani si umboni. Timakampani tambiri tilibe n'komwe fakitale, timangooda kumafakitale a ena kenako n'kumatapo dzina lawo basi.

Tembenuzani leggings yanuyo, kathalauza kothina kochitira yoga kaja, muwerenge kalebulo kam'kati. Kawirikawiri mupeza nylon kapena polyester yosakaniza ndi elastane (ulusi wotamuka ngati mphira), zonsezo ndi pulasitiki, ndipo zikasakanizidwa chonchi zimavuta kuzikonzanso kukhala nsalu ina. Akalemba "recycled" nthawi zambiri ndi mabotolo apulasitiki osungunula, bolako ndithu, komabe mukamachapa timaulusi take timathothoka n'kupita m'madzi. Za "bamboo" ndiye zimandiseketsa, nsungwiyo amaisungunula ndi mankhwala otchedwa caustic soda komanso carbon disulfide kuti ikhale nsalu yotchedwa viscose, musaganize za nsungwi yolukira lichero ija.

Afunseni eni kampaniwo kuti anasokera dziko liti, fakitale iti, satifiketi yotsimikizira zomwe akunenazo nambala yake ndi chani, kenako mukatsimikize kwa amene anaipereka. Akangokuyankhani ndi zithunzi za masamba obiriwira, uthenga wawowo musauponyenso m'magulupu musanafufuze.