Wakufa akabwera kudzalonjerera ngongole: mbiri ya magical realism ndi mkangano wake

Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akatsegula koyamba buku la mtundu umene akatswiri amautcha magical realism, kawirikawiri amangoti, "Aa, si nthano zathu zomwe izi?" Muli akufa oyenda dzuwa likuswa mtengo, mvula yosakata kwa zaka, munthu wosanduka nyama, ndipo palibe amene akudzidzimuka. Funsolo si la umbuli ayi. Alembi a ku Cuba, Colombia, Nigeria ndi Mozambique akhala akukokana pa mfundo yomweyo kuyambira m'ma 1940: kodi kameneka ndi kalembedwe kochita kuphunzira, kapena ndi mmene mitundu ina imaonera dziko basi?

Dzinali silidayambire m'nkhani zopeka. Mu 1925 Franz Roh, katswiri wa zojambula wa ku Germany, adaligwiritsa ntchito polemba za ojambula amene ankajambula tebulo, msewu kapena nkhope mwatchutchutchu mpaka chinthu wambacho kuoneka chachilendo. Za mizimu mudalibe. Mu 1927 zimene adalembazo zidatuluka m'Chisipanishi ku Madrid kudzera m'magazini ya Revista de Occidente, n'kuwoloka nyanja. Mu 1948 Arturo Uslar Pietri wa ku Venezuela adagwiritsa ntchito dzinali pofotokoza nthano zazifupi za kwawo, ndipo kuyambira pamenepo lidakhazikika kwa alembi.

Mkangano weniweni adauyambitsa ndi Alejo Carpentier wa ku Cuba. Iyeyu adakhala zaka zambiri ku Paris pakati pa alembi ndi ojambula amene ankapeka zodabwitsa pongolumikiza zinthu zosagwirizana. Atapita ku Haiti mu 1943 adaona kuti anzake a ku Paris aja ankachita kufinya zodabwitsazo m'mutu, pamene ku Haiti zinali m'mbiri ya anthu. M'mawu oyamba a buku lake la 1949, El reino de este mundo, adanena kuti chodabwitsa chimafuna chikhulupiriro. Chitsanzo chake ndi Mackandal, kapolo wothawa amene Afalansa adamutentha pamoto mu 1758. M'bukumo akapolo akumuona akumasuka pachimtengo n'kuuluka pamwamba pa mitu yawo, ndipo akubwerera kuminda akuseka. M'chipwirikiti chomwecho ndi ochepa amene akuona asilikali 10 akumugwira n'kumuponya m'moto. Mlembi waika zonse ziwiri patsamba limodzi osagamula. Azungu akudabwa kuti akapolowa alibe chisoni. Akapolo akudziwa kuti mtsogoleri wawo ali moyo. Patapita zaka 33 kuukira kwakukulu kudayamba, ndipo mu 1804 Haiti idadziimira payokha.

Chaka chomwecho cha 1949, Miguel Ángel Asturias wa ku Guatemala adatulutsa Hombres de maíz, buku limene mlimi wa kuno sangavutike kulimva. Amaya, eni nthaka a kumeneko, amakhulupirira kuti munthu adaumbidwa ndi chimanga, choncho kulima chimanga choti udye ndi mwambo, koma kutentha nkhalango kuti ulime chogulitsa kuli ngati kugulitsa mnofu wa ana ako. Nkhondo ya m'bukumo yagona pamenepo.

Amene adalifikitsa dziko lonse ndi Gabriel García Márquez wa ku Colombia, ndi buku la Cien años de soledad, lotuluka ku Buenos Aires mu 1967. Poyamba adasindikiza makope 8,000 okha. Mu 1970 lidatuluka m'Chingerezi, ndipo mu 1982 mlembiyo adalandira mphoto ya Nobel. Iye ankanena kuti liwu la bukulo adalitenga kwa agogo ake aakazi, amene ankasimba zosatheka nkhope ili gwaa, osaphethira. Koma luso lina adalitenga ku ntchito yake ya utolankhani, ndilo kupereka manambala. Ankati ukanena kuti njovu zikuuluka palibe akukhulupirire, koma ukati njovu 425 zikuuluka anthu ayamba kumvetsera. N'chifukwa chake wansembe wa ku Macondo, mudzi wa m'bukumo, akamwa kapu ya chokoleti amanyamuka pansi masentimita 12, ndipo mvula imagwa zaka 4, miyezi 11 ndi masiku 2. Mtsikana wina amakwera kumwamba anthu akuona, koma amakwera ali mkati mopinda nsalu zofunda zimene adaziyanika, ndipo mayi wina wa m'nyumbamo amatsala akudandaula za nsaluzo.

Ambiri amakumbukira nsaluzo n'kuiwala sitima. Mu December 1928 asilikali a boma la Colombia adawombera antchito a m'minda ya nthochi ya United Fruit Company amene ankanyanyala ntchito ku Ciénaga. Mkulu wa asilikali adati adafa ndi anthu 47. Uthenga wa kazembe wa America udatchula oposa 1,000. M'buku muja akufa akuposa 3,000, sitima yaitali ikukawataya m'nyanja usiku, ndipo kutacha mudzi wonse ukunenetsa kuti palibe amene wafa. Chodabwitsa chachikulu m'buku lonselo ndi chimenecho, ndipo sichidachokere kwa mizimu. Chidachokera ku boma.

Apa m'pamene pali fungulo la mbiri yonse. Mabuku otchuka a mtundu umenewu adamera pabala. Günter Grass wa ku Germany mu 1959 adalemba za mwana wokana kukula atakwanitsa zaka 3, amene adakhala choncho mpaka kumapeto kwa nthawi ya Hitler. Salman Rushdie mu 1981 adalemba za ana 1,001 obadwa ndi mphamvu zachilendo mu ola loyamba la ufulu wa India, pa 15 August 1947, dzikolo likung'ambika pawiri. Toni Morrison wa ku America mu 1987 adabweza kwa amake mwana amene iwo omwe adamupha pomuteteza ku ukapolo, potengera nkhani yeniyeni ya Margaret Garner ya mu 1856. Morrison yemweyo sankalifuna dzina la magical realism. Ankaona kuti otsutsa mabuku amaligwiritsa ntchito pozemba kukamba za ndale ndi za chikhalidwe cha anthu akuda chimene chidabala nkhanizo.

Ku Africa kudandaula kwake n'kofanana, komanso pali nkhani ya yemwe adayamba. D.O. Fagunwa wa ku Nigeria adalemba m'Chiyoruba za mlenje wa m'nkhalango ya mizimu mu 1938, García Márquez ali mwana wa zaka 11. Amos Tutuola adatsatira mu 1952. Choncho pamene Ben Okri adapata mphoto ya Booker mu 1991 ndi The Famished Road, n'kumanenedwa kuti watengera alembi a ku Latin America, panali poyankhira. Mpangankhani wake ndi abiku, mwana amene Ayoruba amati amabadwa, kumwalira n'kubweranso kwa mayi yemweyo. Ife amene timadziwa chifukwa chimene makolo ankatchira ana mayina ngati Maliro kapena Mavuto sitifunika kutiuza kuti pansi pa chikhulupiriro chotere pali timanda ta ana tambirimbiri.

Wapafupi kwambiri ndi ife ndi Mia Couto wa ku Mozambique. Buku lake Terra Sonâmbula lidatuluka mu 1992, chaka chimene pangano lothetsa nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo lidasainidwa ku Rome. Nkhalamba ndi mnyamata abisala m'basi yopsa m'mbali mwa msewu, ndipo ngakhale basiyo siyenda, dziko lowazungulira limasintha tsiku ndi tsiku. Nkhondo imeneyo si ya kutali kwa munthu wa ku Lizulu, Biriwiri kapena Tsangano. Othawa kwawo oposa 1 miliyoni adalowa m'Malawi, ndipo Dedza ndi Ntcheu adalandira ambiri ochokera ku Angónia. Nkhondo yomweyo idali ndi Mackandal wakewake: Manuel António, mtsogoleri wa gulu la Naparama ku Zambézia ndi Nampula, ankanena kuti adamwalira n'kuuka, ndipo ankatemera anyamata ake mphini zoti chipolopolo chisawalowe. Adaphedwa mu 1991.

Ndiye kodi wowerenga uja walondola kuti ndi nthano zathu zomwe? Walondola theka. Zipangizo tili nazo zochuluka. Pali mapazi a anthu oyamba pathanthwe la Kaphirintiwa, pali zojambula za m'mapanga 127 a ku Chongoni zimene UNESCO idazilemba m'kaundula wake mu 2006, ndipo kasiyamaliro akatuluka pabwalo mudzi wonse umati chilombo chafika, popanda woseka. Liwu la agogo a García Márquez lija lili pakhonde lililonse. Koma nthano ya makolo imayamba ndi "Padangokhala", omvera n'kuvomera "Tilitonse", ndipo pamenepo onse apangana kuti achoka m'dziko lino. Kalulu alibe boma la kwawo, chaka chobadwa ngakhale ngongole ya feteleza. Kalembedwe ka magical realism kamakana pangano limenelo. Kamafuna msika wodziwika dzina, mtengo wa ndowa ya tomato, chaka cha njala, kenaka chosatheka chimalowa pakhomo lomwelo osaodira.

Tiyese ndi msika wa Lizulu. Wolemba wosazolowera amalemba kuti mayi wogulitsa kachewere adangoona mwadzidzidzi malemu mwamuna wake ali poteropo, adakuwa, anthu adabalalika, ena adakomoka, abusa adaitanidwa. Imeneyo ndi nkhani yoopseza, ndipo ikathera kwa sing'anga kapena kumapemphero. Wodziwa ntchito angalembe motere: "Bambo ake a mwanayu, amene tidawaika chaka chatha mvula isanagwe, ankabwera tsiku lililonse la msika kudzalonjerera ndalama za matumba 6 a kachewere kwa mwini lole uja, ndipo poti tidawaika opanda nsapato, amayi a kabichi ankadandaula kuti akuwadetsera malonda ndi dothi la kumanda." Taonani zimene zachitika. Mfotokozankhani ndi wa pamudzi pomwepo, akuti "tidawaika". Imfa yalowa chammbali, osati pampondachimera. Nambala ilipo. Wakufayo ali ndi thupi lodetsa kabichi. Anthu akudandaula za dothi, osati za kuuka kwake. Ndipo chimene wowerenga atsale akuchiganizira si mzukwa koma mwini lole amene amatenga katundu wa alimi pangongole osabweza.

Zolakwika zimabwera m'njira zodziwika. Choyamba ndi kufotokoza: mlembi akangoti anali maloto, malungo kapena chamba, nkhani yafa, chifukwa wauza wowerenga kuti iye mwini sakukhulupirira. China ndi kuchulutsa. Zodabwitsa zili ngati mchere mundiwo. Tsamba lililonse likakhala ndi wouluka, palibe chimene chikulemera, ndipo bukulo lasanduka la dziko lopeka lokhala ndi malamulo akeake. Pali kugwiritsa ntchito chodabwitsa pothawa vuto la tsatanetsatane, monga mzimu kubwera kudzaulula wakuba m'mutu womaliza. M'mabuku abwino chodabwitsa sichithetsa mavuto, chimawaonjeza; wakufa wa ku Lizulu uja akhoza kulonjerera zaka 10 osalandira ngakhale tambala. Ndiye pali kuiwala mbali inayo. Ku Macondo anthu sadabwa ndi mizukwa, koma amanjenjemera atakhudza madzi oundana koyamba. Kuno chofanana nacho chilipo kale: malire ochokera ku pangano la Britain ndi Portugal la 1891 amayenda ndi msewu wa M1, kotero kuti mayi wowoloka tala kukagula mafuta ophikira wapita kunja kwa dziko n'kubwerako nsima isanapse. Mlembi waluso angalembe zimenezi ngati matsenga, za mizimu n'kuzilemba ngati nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Vuto limodzi ndi lathulathu, ndipo alembi a ku Buenos Aires sadalimbane nalo. Wowerenga wa ku London akawerenga za gogo wouluka palichero amati ndi fanizo. Wowerenga wa kwa Kachindamoto kapena kwa Gomani akhoza kuti ndi umboni. M'dziko muno okalamba amamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Nkhani yolembedwa ndi nkhope ya gwaa yotsimikiza kuti gogo wa kumapeto kwa mudzi ndiye adadya mwana si luso, ndi kuthira palafini pamoto. M'mabuku tatchulawa chodabwitsa chimaima ndi kapolo, wantchito wa m'munda, mayi woferedwa. Sichiloza chala wofooka. N'chimodzimodzi ndi za kudambwe: mlembi akhoza kulemba zimene mudzi umaona pabwalo osaulula zimene eni mwambo adazisunga.

Alembi athu adadutsapo kale pafupi ndi njira imeneyi, ngakhale kwambiri m'ndakatulo ndi m'masewero. Lamulo lounika mabuku la 1968 litakhwima, Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chimagumula phiri chikamasamuka, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946, n'kuchisandutsa njira yonenera zimene sizikadanenedwa poyera. Sewero lake la 1978 lidachokera pa mbiri ya M'bona. Jack Mapanje adabisala kumbuyo kwa nanzikambe m'buku lake la ndakatulo la 1981, koma boma lidamuzindikirabe n'kumutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Chimene chikuchepa ndi nthano yaitali ya m'Chichewa yochita zomwezo, monga Ngũgĩ wa Thiong'o adachitira m'Chigikuyu ndi buku la wolamulira wotupa thupi limene lidatuluka m'Chingerezi mu 2006.

Kwawo kwenikweni kwa kalembedweka, ku Latin America, kudabuka kuukira. Mu 1996 Alberto Fuguet ndi Sergio Gómez a ku Chile adasonkhanitsa nthano za alembi achinyamata m'buku lotchedwa McOndo, dzina loseka Macondo pomuphatikiza ndi McDonald's ndi makompyuta a Macintosh. Dandaulo lawo lidali loti osindikiza a ku America ndi ku Ulaya ankakana nkhani za m'tauni, za nyumba zosanja ndi wailesi yakanema, ati sizikumveka Chilatini chifukwa mulibe agogo ouluka. Alembi a ku Mexico adatulutsa chikalata chofanana chaka chomwecho. Msampha umenewo ukudikira mlembi wa ku Dedza amene akulembera mipikisano ya kunja: akhoza kuyamba kuthira afisi ndi zithumwa m'nkhani ya mphunzitsi wodikira malipiro, osati chifukwa nkhaniyo ikuzifuna, koma chifukwa woweruza wa kutali akuyembekezera kuti Africa azioneka choncho.