Failo ya munthu wosowa pogona ndi ndalama za boma la America

Ku America kuli mabungwe ambiri omwe si aboma amene ntchito yawo ndi kupezera nyumba anthu osowa pokhala. Ochuluka mwa iwo amadalira ndalama za boma lalikulu la ku Washington, zomwe zimadzera ku HUD, unduna woona za nyumba. Pali thumba la Continuum of Care, lothandiza kupezera nyumba anthu osowa pokhala, lomwe tsinde lake ndi lamulo la McKinney-Vento la mu 1987 limene linakonzedwanso mu 2009. Pali la Emergency Solutions Grants, lothandiza malo ogona mwadzidzidzi komanso kulipirira anthu lendi kwa kanthawi. Palinso la HOME, lomangira ndi kukonzetsera nyumba zotsika mtengo. Khobidi lililonse lochokera m'matumba amenewa limabwera ndi funso limene lidzafunsidwe patapita chaka kapena zaka zingapo: tionetseni pepala.

Amene anagwirapo ntchito m'mabungwe a ku Malawi kapena ku Zambia omwe ankalandira ndalama za USAID akuidziwa kale mbali ina ya nkhaniyi, poti buku lalikulu la malamulo ndi lomwelo, 2 CFR 200, limene linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2014. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nkhani ya nyumba, HUD imawonjezerapo malamulo akeake, ndipo ambiri mwa iwo amakhudza munthu mmodzimmodzi amene walandira thandizo.

Alendo obwera kudzafufuza alipo a mitundu itatu. Woyamba ndi odita (wofufuza mabuku a ndalama) woima payekha amene bungwe limamulemba ntchito lokha pansi pa lamulo la Single Audit la mu 1984. Lamuloli linabwera kuti bungwe lisamalandire odita wosiyana pa thumba lililonse. Bungwe likagwiritsa ntchito ndalama za boma lalikulu zokwana madola 1,000,000 pa chaka, oditi imeneyi siithawika. Mlingowu unali madola 750,000, ndipo unakwera kuyambira ndi zaka za chuma zoyamba pa 1 Okutobala 2024 kapena pambuyo pake. Mabungwe ang'onoang'ono amapunthwa pa kuwerengera. Ndalama zimene zadzera ku khonsolo ya mzinda kapena ku boma la chigawo zikadali za Washington, ndipo zimaphatikizidwa ndi za matumba ena onse, kaya ndi za chakudya kapena za umoyo. Lipoti liyenera kufika ku Federal Audit Clearinghouse, nkhokwe ya boma ya malipoti a oditi, pasanathe miyezi 9 chaka cha chuma chitatha, ndipo kumeneko aliyense atha kuliwerenga, kuphatikizapo atolankhani ndi ena opereka thandizo.

Achiwiri ndi ogwira ntchito ku HUD komweko, kapena ku mzinda umene unapatsira ndalamazo. Iwowa alibe nazo ntchito zoti bungwe lafika pa mlingo uja kapena ayi. Amasankha mafailo angapo, amakhala pansi, n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba. Achitatu ndi a ofesi ya Inspector General, yofufuza za chinyengo ndi kuononga ndalama za boma, ndipo iwo akafika nthawi zambiri pamakhala pali kale chokayikitsa.

Anthu ambiri akamva za oditi amaganiza za malisiti ndi mabuku a akaunti. Pa ntchito ya nyumba, nkhani yaikulu imagona m'failo ya munthu wothandizidwayo, ndipo failoyo imabadwa tsiku loyamba kukumana naye. Taganizirani bambo wa zaka za m'ma 50 amene wakhala akugona m'galimoto yakufa kuseri kwa sitolo, nyengo yachisanu yonse. Wabwera pa ofesi ndi chikwama chimodzi. Chiphaso chinabedwa, foni ilibe moto. Mtsikana wolandira anthu akumufunsa kuti, "Bambo, usiku wathawu munagona kuti? Nanga mwezi wathawu?" Mafunsowa amamveka ngati ochititsa manyazi, koma mayankho ake ndi amene adzaonetse ngati lendi yonse imene bungwe lidzalipirire bambowa ili yololedwa.

HUD inaika ndondomeko ya umboni woti munthu alibedi pokhala. Umboni woyamba ndi wochokera kwa munthu wina wapadera: kalata ya malo ogona mwadzidzidzi, zolemba za ogwira ntchito oyendera anthu m'misewu, kapena zimene zili mu HMIS, kaundula wa pakompyuta amene mabungwe a dera limodzi amalembamo aliyense amene amuthandiza. Umenewu ukasowa, pamabwera zimene wolandira anthu uja waona ndi maso ake. Pomalizira penipeni ndi mawu a mwini wake, olembedwa ndi kusainidwa. Bungwe likagwiritsa ntchito umboni wachitatuwu, liyenera kulemba zimene linachita pofunafuna woyamba uja: tinaimbira foni akuti tsiku lakuti, sanayankhe, tinalemba kalata, sinabwezedwe. Mafailo ambiri amagwa chifukwa chosowa mizere iwiri imeneyi, pamene munthuyo anali woyeneradi thandizo.

Zimavuta kwambiri pa nyumba zimene zinapatulidwira anthu amene akhala osowa pokhala nthawi yaitali. Malinga ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2016, munthu wotereyu ayenera kukhala ndi ulumali, ndipo akhale atagona panja kapena m'malo ogona mwadzidzidzi miyezi 12 yotsatizana, kapena maulendo 4 m'zaka 3 amene pamodzi akukwana miyezi 12. Akagona kwa mbale wake masiku 7 otsatizana kapena kuposerapo, ulendo umodzi watha pamenepo. Akagonekedwa m'chipatala kapena kutsekeredwa m'ndende masiku osakwana 90, ndipo analowamo akuchokera mumsewu, masikuwo amawerengedwa ngati anali panja ndithu. Choncho wogwira ntchito amakhala ndi kalendala ya zaka zitatu patebulo, n'kumadzaza mwezi ndi mwezi moyo wa munthu amene mwina sakumbukira bwino ngakhale sabata yatha.

Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lolemetsa, chifukwa likufuna mapepala kwa munthu amene umphawi wake unamulanda ndi mapepala omwe. Koma lili ndi zitseko zimene antchito ambiri sazidziwa, ndipo kusazidziwako kumagonetsa anthu panja popanda chifukwa. Wogwira ntchito wa m'misewu akakumana ndi munthu kamodzi kokha m'mwezi, n'kulemba kuti wamupeza akugona pansi pa mlatho, umenewo ndi umboni wa mwezi wonsewo, pokhapokha pataoneka china chotsutsa. Miyezi 3 mwa 12 ija munthu atha kudziikira umboni yekha, ndipo mwa anthu 100 alionse amene pulojekiti yathandiza pa chaka, okwana 25 atha kudziikira umboni pa miyezi yonse ngati wina wasoweratu. Umboni wotsalawo bungwe lili ndi masiku 180 oti liusonkhanitse munthu atalowa kale m'pulogalamu. Za ulumali, wolandira anthu atha kulemba zimene waona, bola kalata ya dokotala kapena umboni wa ku Social Security, ofesi ya boma yolipira okalamba ndi olumala, ufike pasanathe masiku 45. Ndipo lamulo limanena mosabisa kuti kusowa kwa umboni wa munthu wina kusaletse munthu kulandiridwa pamalo ogona mwadzidzidzi. Bungwe limene limabweza anthu pakhomo poopa odita silinawerenge malamulo mpaka kumapeto.

Munthu akapezeredwa nyumba, failo imayamba kunenepa. Nyumbayo iyenera kuyenderedwa ndi kuvomerezedwa ndalama zisanatuluke, kenako chaka chilichonse. Payenera kukhala pepala losonyeza kuti lendi yake ikufanana ndi ya nyumba zina zotere m'deralo, kuti landilodi asakweze mtengo poona kuti akulipira ndi boma. Ngati nyumbayo inamangidwa chisanafike chaka cha 1978 ndipo mudzakhala mwana wosakwana zaka 6, penti yake iyenera kuonedwa chifukwa cha chiphe cha mtovu. Gawo limene wokhalamo amalipira nthawi zambiri limakhala 30 peresenti ya zimene amapeza pamwezi atachotsapo zololedwa, ndipo masamu ake akhale m'failo pamodzi ndi mapepala a malipiro. Odita amayang'ana kwambiri madeti. Fomu yoyendera nyumba ikakhala ya pa 20 pamene cheke cha lendi chinatuluka pa 3, nyumba ingakhale yabwino chotani, funso labadwa kale.

Ku mbali ya ofesi, mabala amabwera kawirikawiri pa zinthu ziwiri. China ndi malipiro a antchito. Munthu mmodzi akamagwira ntchito za matumba atatu, sikokwanira kugawa malipiro ake potsata bajeti imene inalembedwa kumayambiriro kwa chaka. Pafunika zolemba zosonyeza kumene nthawi yake inapitadi. Chinacho ndi gawo limene bungwe liyenera kusonkhapo lokha. Pa Continuum of Care, madola 100 alionse a HUD amafuna 25 ochokera kwina, kupatulako ndalama zimene bungwe limachitira lendi nyumba m'dzina lake. Chipatala chikalonjeza kuthandiza anthu a m'pulogalamu kwaulere, thandizolo litha kuwerengedwa, koma pakhale mgwirizano wolembedwa komanso zolemba za maola amene anagwiradi.

Odita akapeza ndalama zokayikitsa zopitirira madola 25,000 pa pulogalamu imene akuiunika, ayenera kuzilemba m'lipoti. Bungwe limayankha ndi dongosolo la momwe likonzere, ndipo amene anapereka ndalamazo ali ndi miyezi 6 yoti agamule. Akagamula kuti zibwezedwe, sizibwezedwa ndi ndalama zina za boma. Zimachokera m'thumba la zopereka za anthu akufuna kwabwino, lija limene likanagulira matiresi, kulipira magetsi kapena kusunga wantchito mmodzi. Komanso mapulojekiti a Continuum of Care amapikisana pofuna kupatsidwanso ndalama, ndipo mbiri ya mafailo osokonekera imatsitsa bungwe pa mndandanda wa dera lake. Ikafika pamenepo, amene amavutika ndi anthu okhala m'nyumba zija.

Pali yesero limene limabwera kalata ya oditi ikangofika: kudzaza mafomu osowa n'kulembapo deti lakale. Chonde, musayerekeze. Pepala losowa ndi cholakwa chimene chimakonzeka. Pepala lonamizira ndi chinyengo, ndipo lamulo la False Claims Act limalola boma kulipiritsa katatu ndalama zimene linataya. Njira yoyenera ndi kulemba kakalata ka m'failo ka deti la lero, konena chimene chikusowa, chifukwa chake, ndi umboni wina umene wapezeka. Odita wanzeru amalemekeza kakalata kotero, ngakhale kuti sikafafaniza cholakwacho.

Mlandu suwola, ndipo mafailo amenewa satayidwa msanga. Lamulo la onse lija, 2 CFR 200, limati zaka 3 kuchokera pamene lipoti lomaliza la ndalama laperekedwa, koma pa Continuum of Care failo ya munthu imasungidwa zaka 5 ndalama zonse za thandizolo zitatha, ndipo mapepala a nyumba yogulidwa, yomangidwa kapena yokonzedwa amasungidwa zaka 15 kuchokera pamene anthu anayamba kukhalamo. Ngati pali kafukufuku kapena mlandu umene sunathe, palibe chotayidwa mpaka utatha. M'zaka zonsezo mafailo ayenera kukhala otsekeredwa, chifukwa muli matenda a anthu, manambala awo a Social Security ndi mbiri zimene sanauzepo ngakhale abale awo. Mabungwe othandiza anthu othawa nkhanza za m'banja saloledwa n'komwe kulemba mayina mu HMIS; amasunga kaundula wawo wapadera, kuti wankhanza asapeze njira yolondolera kumene mkazi wake wabisala.

Antchito a m'mabungwewa sakhalitsa, poti ntchito ndi yolemetsa ndipo malipiro ndi ochepa. Mtsikana amene analandira bambo wa m'galimoto uja mwina adzakhala atachoka kalekale odita akamadzafika, ndipo zimene ankadziwa zidzapita naye ngati sanazilembe. N'chifukwa chake ndimalangiza mabungwe kuti failo iliyonse ionedwe ndi munthu wachiwiri cheke choyamba cha lendi chisanasainidwe, ndiponso kuti mwezi uliwonse wina amene sagwira ntchito m'pulogalamuyo atole mafailo asanu mwachisawawa n'kuwayesa ndi mafunso omwewo amene HUD imagwiritsa ntchito. Mafunsowo si achinsinsi: ali m'buku la HUD lotchedwa CPD Monitoring Handbook 6509.2, lomwe lili pa intaneti. Zotsatira zake zizikafika ku bodi ya bungwe pa msonkhano uliwonse, pamodzi ndi lipoti la ndalama.