Okosijeni Sapha, Lekani Kuzula Timapaipi Usiku

Pali mawu amene ndatopa kuwamva mu wodi: "Adokotala, chonde musamuike pa okosijeni. Amalume ake munawaika pomwepo, sanadzukenso." Ndawamva kwa agogo akumudzi, kwa aphunzitsi, ngakhale kwa abusa ovala taye. Nthawi ya Covid-19 zinafika poipa, anthu ankabisa odwala m'nyumba poopa kuti kuchipatala "akawamaliza".

Kuti amalumewo anamwalira ali pa okosijeni sindikukana. Koma anafika tsiku lachingati chiyambireni kubanika? Wodwala amene timamuthamangira ndi okosijeni ndi uja wafika atatheratu. Achibale amaona mapaipi, mawa lake maliro, basi mlandu wagwera mapaipi. Ndiye kuti ambulansi nayonso tiziiimba mlandu wochititsa ngozi, poti pamalo a ngozi siisowa.

Mpweya umene mukupuma panopa uli ndi okosijeni, magawo 21 pa 100 alionse. Makina olira aja amene timaika pambali pa bedi amakoka mpweya wa mu wodi momwemo, n'kusefa, n'kupereka okosijeni wochuluka. Mulibe mankhwala ogonetsa, mulibe china chilichonse.

Sitimuika munthu pa okosijeni chifukwa choti watimvetsa chisoni. Timamupana chala ndi kachipangizo kotchedwa pulse oximeter, ndipo kamatiuza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Munthu wabwinobwino kamaonetsa 95 kapena kuposa. Mwana wachibayo akatsika pansi pa 90, malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi akuti apatsidwe okosijeni, ndipo pamenepo sipofunika kudikira msonkhano wa banja. Maso amanamiza. Pa khungu lathu lakudali milomo siionetsa msanga kuti yasintha mtundu, ndipo mwana wochepa magazi akhoza kufika pangozi milomo isanabiriwire n'komwe.

Chachiwiri timawerenga kapumidwe, mphindi yathunthu, mwana ali phee. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa, ndiye kuti likupuma mothamanga. Kuyambira miyezi iwiri mpaka chaka malire ndi 50, ndipo kuyambira chaka mpaka zaka zisanu ndi 40. Izi mayi aliyense angachite ndi wotchi ya pafoni. Kenako muvuleni malaya muone pansi pa nthiti. Pakamalowa m'kati pamene akukoka mpweya, mphuno zikamatukuka, akamabuula kapena kukana bere, nyamukani usiku womwewo.

Pali mwana wina amene sandichoka m'mutu. Anali wa miyezi isanu ndi iwiri, anabwera madzulo atabanika masiku anayi. Pachifuwa panali mphini zatsopano, zakuda ndi mankhwala opaka. Kachipangizo kanaonetsa 81. Tinamuika timapaipi m'mphuno, tinamubaya mankhwala a chibayo, ndipo pofika 8 koloko anali pa 94, akuyamwa pang'onopang'ono. Ndinakhala pansi ndi mayi ake, mtsikana wamng'ono, n'kuwafotokozera zonse. Ankangoti "chabwino adokotala", maso ali pansi.

Pakati pa usiku agogo a mwanayo anazula timapaipi tija, n'kumufunditsa chitenje kuti namwino asaone. Namwinoyo anali yekha wodi yonse. Mwana atasiya kulira ndi kuphupha, agogowo anati wapeza bwino, wagona. Chonsecho anali atatopa. Mwana wobanika akangoti zii mwadzidzidzi, ife mtima umatigunda kuposa pamene akulira, chifukwa minofu yopumira imafika polema. M'bandakucha tinayesa zonse, zinakanika.

Agogowo sindiwada. Ankamukonda mdzukulu wawo, ndipo m'maganizo mwawo ankamupulumutsa kwa ife. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinafotokozera munthu wopanda mawu m'banjamo. Agogo anali khale pakona, atapinda manja, ine osawafunsa n'komwe zimene akuganiza. Chichokereni tsiku limenelo ndimayamba ndafunsa kuti wamkulu pano ndani, ndipo kachipangizo kaja ndimayamba ndapana chala cha gadiyani kuti aone nambala yake, kenako cha wodwala.

Palinso ena olakwitsa mbali inayo. Akaona namwino wachepetsa okosijeni, akangotembenuka iwo amapotokola kuti akwere, amvekere "akutimana". Musatero. Agogo amene mapapo awo anaonongeka ndi fodya kapena utsi wa nkhuni wa zaka zambiri, matenda amene timati COPD, timafuna akhale pakati pa 88 ndi 92 basi. Mukawachulukitsira, mpweya woipa umaunjikana m'magazi, amayamba kuwodzera mpaka kukomoka. Okosijeni ali ndi mlingo wake monga mankhwala ena onse. Ndipo sachiza chibayo kapena TB. Amangomugwiriziza munthu kuti mankhwala apeze nthawi yogwira ntchito.

Timapaipi tikalephera, kwa makanda pali makina a CPAP amene amakankha mpweya kuti timatumba ta m'mapapo tisafwape. Ena mwa makinawa, otchedwa Pumani, anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America ndipo anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre konkuno. Botolo la madzi likamabwata pambali pa khanda, ndiye kuti makina akugwira ntchito, musaope. Koma makinawa ndi owerengeka, magetsi nawo mukuwadziwa. Kusankha kuti ndani apite pa makina ndani adikire ndi ntchito imene sindingaifunire munthu, ndipo imakula pamene ana atatu afika usiku umodzi onse atachedwa.

Kuchedwako kumayambira pa golosale. Mwana watsokomola, mwagula mabakitirimu awiri ndi panado. Thupi lazizira pang'ono, mwati wachira. Tsiku lachitatu mwapita kwa asing'anga, amutema mphini m'nthiti ndi lezala, ati akutulutsa chibayo. Chibayo chili m'kati mwa mapapo, mphini sizifikako, zimangoonjezera zilonda. Ena amafukiza khanda m'bulangete ndi nthunzi ya masamba a bulugamu, khanda lomwe likusowa kale mpweya, ndipo taonapo ana obwera atapsa ndi madzi owira. Kwa akuluakulu kwabuka ogulitsa mabotolo a "zotsuka mapapo" pa Facebook ndi m'mabasi. Munthu akutsokomola milungu iwiri, akuonda, akutuluka thukuta usiku, iwo akumumwetsa mabotolo a ndalama zambirimbiri, pamene kuyeza makhololo ndi mankhwala a TB m'zipatala zaboma n'zaulere. Pofika kwa ife phapo limodzi linadyeka kale, ndipo ana a m'nyumbamo nawonso ayamba kutsokomola.