Mvula siitsuka mtsinje, chonde timvetsetsane

Abale anga, mvula ikangogwa yamphamvu timamva anthu akuti "madzi achuluka, zoipa zonse zapita." Ayi ndithu. Mtsinje wodutsa mtauni umaipa kwambiri nthawi yomweyoyo.

Majumbo, mabotolo, matayala a galimoto akamaperepeseka pamsewu, tiulusi tochoka ku zovala za nayiloni tikamachapa, zonsezi zimasanduka tizidutswa ta pulasitiki tosafika mamilimita 5, tambiri sitioneka ndi maso n'komwe. Timangounjikana m'misewu ndi m'ngalande. Mvula ikabwera imakokolola tonse, komanso m'matauni ambiri akale paipi ya madzi a mvula ndi ya suweji ndi imodzi, ndiye ikadzadza imasefukira n'kukathira zonse mumtsinje osadutsa koyeretsera madzi kuja.

Ofufuza a ku yunivesite ya Manchester ku England analengeza mu 2018 kuti pamalo ena pansi pa mtsinje wa Tame, kufupi ndi mzinda wa Manchester, anapeza tizidutswa toposa 500,000 pa sikweya mita imodzi yokha, ndipo madzi osefukira a mu 2015 ndi 2016 anakokolola pafupifupi 70 peresenti ya tomwe tinali pansi pa mitsinje ya dera limenelo. Wina anena kuti mwaonatu, mvula yatsuka. Nanga tinapita kuti? Tinavunduka n'kulowa m'madzi, madzi omwe aja timati achuluka, n'kutsikira kwa anzathu akumunsi mpaka kunyanja. Pulasitiki saola msanga ngati masamba. Nsomba zimameza tizidutswati, ndipo mu 2022 ofufuza a ku Netherlands analengeza kuti anapeza pulasitikiyu m'magazi a anthu 17 mwa 22 omwe anayezedwa.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi ichi, pulasitikiyu sabwera yekha. Paipi yomwe yamutulutsa yatulutsanso manyi, ndiye mumatha kukhala tizilombo ta kolera, tayifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba, tina timamatirira pa tizidutswa tomweti.

Ndiye mvula ikagwa yambiri ana asakasambe kapena kusewera mumtsinje kwa masiku osachepera atatu, ngakhale madzi akuoneka oyera bwanji. Ngati muli ndi bala musaponde m'madzimo. Osatsukira mbale kapena chakudya. Klorini amapha tizilombo inde koma sachotsa pulasitiki, ndiye madzi akumwa tungani pamalo otetezedwa osati mumtsinje.

Ma wipes, matewera a ana ndi mapadi osaponya m'toileti yogejemula chonde, zimatseka mapaipi n'kuchititsa kuti suweji isefukire msanga. Ndipo inu amene mumadikira mvula kuti mukakhuthulire zinyalala m'ngalande poti "madzi atenga", siyani, madziwo akukatula kwa munthu mnzanu.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba atasewera m'madzi a mvula mupatseni ORS pompopompo n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti tione mawa, kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa chabe.