Simenti si mankhwala a khoma lakale

Komiti ya m'mudzi ikangolandira ndalama zokonzera holo yakale, funso loyamba limakhala lomwelomwelo: tigule matumba angati a simenti? Funso limeneli landitopetsa. Pa nyumba ya zaka 100, simenti ndiye imaimaliza.

Tikambe za ku Likoma. Amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, anakhazikika pachilumbachi m'ma 1880, wansembe Chauncy Maples ali m'gulu lawo, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903 pa Chipyela. Chimenecho aliyense amachilemekeza. Zimene zimanyozeka ndi tinyumba ta nthawi ya mishoni, ta sukulu ndi tosonkhaniramo, tomwe ndi malo abwino oyesereramo malipenga ndi chioda, osungiramo ng'oma, zithunzi ndi mabuku akale. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo ankazimanga ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa ndi miyala. Khoma lotere limamwa madzi m'dzinja n'kuwatulutsa dzuwa likawala. Simenti imatseka potulukira, koma madzi amalowabe kuchokera pansi ndi kudenga.

Pali holo ina, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, imene imandiwawabe mtima. Anaimata pulasitala wa simenti mkati ndi kunja, napaka penti ya oilo yonyezimira, nathira khonde la konkire logundana ndi khoma. Denga analisiya, akuti ndalama zatha. Patapita madzinja ochepa, ukagogoda khoma ndi chala limalira ngati ng'oma. Kukanganula chibanthu chimodzi cha pulasitala, chinachoka ndi nkhope ya njerwa, ndipo kuseri kunali ufa wofiira wonyowa, woti n'kutapa ndi supuni. Chiswe chinali chitakwera m'kati mwa khoma, mobisika, mpaka kumapaso. Njerwa zimene zinapirira mvula kuyambira nthawi ya agogo zinaola chifukwa cha ntchito yomwe anthu anaivinira pa tsiku lotsegulira. Chowawa n'choti ndalama zomwezo zikanakwana malata ndi ngalande.

Ndiye yambani ndi madzi. Kwerani padenga, sinthani malata oboola ndi misomali yodzimbirira, bayani phaso lililonse ndi mpeni kuti muone ngati chiswe chinadya mkati. Denga litulukire kunja ndithu, madzi asamagwere pa khoma. Kenako chotsani dothi lomwe launjikana pa maziko, kuti nthaka ya kunja ikhale masentimita osachepera 15 pansi pa mulingo wa m'nyumba, ndipo kumbani ngalande yotaya madzi kutali. Kachere womera m'khoma musamuzule ndi mphamvu, amagwetsa njerwa. Mudulireni patsinde, mizu muichotse itauma.

Pulasitala wa simenti ngati anamatidwa kale, amachotsedwa ndi chizulo ndi hamala yaing'ono, pang'onopang'ono. Khoma lisiyeni liume. Likhoza kutenga chilimwe chonse, ndipo komiti idzadandaula kuti nyumba ikuoneka ngati bwinja. Ipirire.

Za laimu anthu amapusitsidwa kwambiri. Laimu wothira m'munda ndi mwala wongogaya, sagwira khoma ngakhale mutamuumitsa chaka. Mukufuna laimu womangira. Muviikeni m'diramu, madzi akhale pamwamba pake, kwa tsiku lathunthu pang'ono pake, koma milungu ingapo ndiye bwino, mpaka afanane ndi phala lolimba. Sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wokhakhala wosefa. Mchenga wosalala wa pagombe, uja timaukonda kupondapo, umachita ming'alu. Funani wa maso akuluakulu, muutsuke. Madzi achepe. Tetezani maso ndi manja, laimu amawotcha.

Palani mipata ya pakati pa njerwa kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mpatawo, kawirikawiri masentimita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Sesani fumbi, nyowetsani khoma, kanikizani matope a laimu ndi mchenga aja mpaka mkati. Pulasitala amamatidwa kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse osapitirira sentimita imodzi ndi theka, ndipo wachiwiri amadikira woyamba alimbe. Apa ndi pamene amisiri ozolowera simenti amagwa ulesi. Laimu amalimba pokoka mpweya, pang'onopang'ono, ndipo akauma msanga amafumbutuka. Phimbani ndi ziguduli zonyowa kwa sabata kapena kuposa. Pomaliza pakani njereza yamadzimadzi katatu kapena kanayi, osati penti ya oilo.

Pachilumba nyengo ndi ulendo zimalamula ntchito. Katundu amabwera pa Ilala kapena paboti, ndipo thumba likanyowa potsitsa ndiye kuti lapita. Itanitsani zonse mvula ikangotha mu Epulo, musunge pamatabwa, osati pansi. Miyezi yozizira ndiyo yabwino kumata, ngakhale mwera umaumitsa khoma msanga, choncho ziguduli zisachoke. Dzuwa la Okutobala si la laimu.

Chenjerani ndi mmisiri amene amati "tingothiramo kasimenti pang'ono kuti zigwire msanga." Kasimenti kameneko ndi kamene kamabweretsa vuto lomwe lija. Chenjeraninso ndi wogulitsa mankhwala opaka amene akuti amatseka chinyezi. Amangochikankhira m'mwamba, chikatulukira pamwamba pa pamene anapaka. Mmisiri aliyense ayambe wamata kachigawo ka mita imodzi kuseri kwa nyumba, mukaone patatha mwezi, musanamupatse khoma lonse. Ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa zipilala za dziko, lamulo la Monuments and Relics Act silikulolani kuisintha popanda chilolezo cha boma, ndiye lemberani ku Dipatimenti ya Museums and Monuments ntchito isanayambe. Jambulani khoma lililonse, chitseko ndi windo musanagumule kalikonse, ndipo akuluakulu amene anaphunzira kapena kuvina m'nyumbamo afotokoze mmene munalili.

Koma musadikire wopereka thandizo chaka ndi chaka denga likudontha. Mng'alu umene mukulowa chala, kapena khoma lomwe layamba kutupira kunja, ndi nkhani ya injiniya, ndipo ana asiye kuyeserera magule m'menemo lero. Lata limodzi loboola, ngakhale ndalama za pulojekiti zisanabwere, lisinthidwe mvula ya Disembala isanagwe.