Magetsi akathima m'nyengo yachisanu ku Britain, makala asalowe m'nyumba

Uthenga uwu ukupita kwa abale ndi alongo athu amene akukhala ku Britain, makamaka inu amene mwangofika kumene ndipo simunaonepo chisanu cha kuno. A zanyengo akangolengeza za mphepo yamkuntho, pamamveka malangizo akuti magetsi akathima mungoyatsa makala ootchera nyama, muike pabalaza, zenera mutsegule pang'ono. Malangizo amenewa amapha, chifukwa makala amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ngakhale musawerenge mpaka kumapeto, izi zokha muzigwire: makala, jenereta ndi kachitofu ka gasi kophikira panja siziyatsidwa m'nyumba, m'galaja kapena pakhonde lotsekedwa ndi magalasi.

Bungwe la Met Office ndi limene limalosera za nyengo m'dziko lino. Limatenga miyeso kuchokera ku masetilaiti, ndege, sitima zapamadzi ndi zibaluni, n'kuilowetsa m'makompyuta amene amawerengera kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira. Mayankho akafanana akatswiri amalankhula motsimikiza, akasiyana amayamba adikira. N'chifukwa chake mtundu wa chenjezo, kaya lachikasu, la amber (looneka ngati lalanje) kapena lofiira, umachokera pa zinthu ziwiri: kukula kwa chiwonongeko ndi kutsimikizika kwake. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Chenjezo lachikasu nthawi zina limatanthauza kuti mphepoyo ndi yoopsa ndithu, kungoti njira imene idutse sinaoneke bwino. Lofiira nthawi zambiri limabwera nthawi itatha kale. Pa Storm Arwen, pa 26 Novembala 2021, linatuluka tsiku lomwelo, ndipo mphepo inafika liwiro la mamailosi 98 pa ola ku Northumberland. Nyumba pafupifupi 1 miliyoni zinakhala mumdima, zina kupitirira sabata yathunthu. Pa Storm Eunice, pa 18 Febuluwale 2022, anthu a ku London anadzuka n'kupeza chenjezo lofiira litatuluka iwo ali mtulo. Choncho konzekani chenjezo likadali lachikasu: tochi ndi mabatire, foni ndi power bank zodzaza moto, mankhwala a masiku angapo, fulasiki ya madzi otentha, chakudya chosafuna kuphika. Mabini ndi mipando yapabwalo lowetsani kapena mangani.

Dziwaninso kuti boiler ya gasi, makina otenthetsa nyumba ndi madzi, imayendera magetsi. Akathima, mapaipi otenthetsa nyumba amazizira ngakhale gasi alipo. Pakapita maola atatu kapena anayi, mpweya wa pakamwa ukuoneka ngati utsi m'chipinda, ana akulira, ndi pamene munthu amakumbuka thumba la makala limene linatsala m'chilimwe. Nthawi imeneyo ndiyo tikuiopa.

Choopsa china m'nyengoyi ndi mvula youndana, imene ndi yosiyana ndi sinowo, ndi yosiyananso ndi matalala. Imayamba kumwamba ngati sinowo, imasungunuka podutsa mumpweya wofunda, kenaka pafupi ndi nthaka imapeza mpweya wozizira kutsika pa digiri 0. Imagwa ili madzi, koma ikangokhudza msewu, masitepe, galasi la galimoto kapena nthambo za magetsi, imaundana pomwepo n'kuchita see ngati galasi. Kuilosera n'kovuta chifukwa digiri imodzi yokha imasintha zonse, ndipo mchere umene makhonsolo amathira m'misewu umatha kukokoloka ndi mvulayo. Inavutitsa anthu kum'mwera chakumadzulo kwa England kumayambiriro kwa Malichi 2018. Msewu umaoneka ngati wangonyowa, chonsecho malamulo apamsewu a Highway Code amachenjeza kuti pa ayezi galimoto itha kufuna mtunda wochuluka kakhumi kuti iime. Galimoto ikaonetsa madigiri 3, phula litha kukhala litaundana kale, makamaka pamilatho, poti pansi pamazizira kuposa mpweya. Inu amene mumasamalira okalamba m'makomo mwawo, kambiranani ndi abwana anu za maulendo chenjezo likangotuluka, osadikira m'mawa wa tsikulo. Poyenda pansi, manja atuluke m'matumba ndipo muziponda pafupipafupi. Galimoto ikatitimira m'sinowo, musaliziretu injini musanaone ngati paipi yotulutsa utsi sinatsekeke, chifukwa mpweya wakupha womwe tikunenawu umabwerera m'kati.

Za kuzizira kwa thupi tinena mwachidule. Pa foni yang'anani nambala ya feels like, chifukwa mphepo imachotsa kutentha pakhungu msanga kuposa mmene nambala yaikuluyo ikuonetsera. Chipinda chokhalamo chikhale pa madigiri 18 kapena kuposa. Kuzizira kumakweza BP ndipo kumaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko ndi chibayo, makamaka kwa okalamba ndi odwala kale. Thupi likatsika pa madigiri 35, munthu amanjenjemera, khungu limazizira, mawu amatuluka ngati woledzera, amasokonezeka ndi kufuna kugona. Khanda limangoti zii, lofooka, lokana kuyamwa. Imbani 999, nambala yoitanira ambulansi pangozi, muvuleni zonyowa, mufunditseni mabulangete ndi kumutu komwe, ndipo ngati ali maso bwinobwino mumwetse chakumwa chofunda chashuga. Musamuike m'bafa lotentha, musamutikite manja ndi miyendo, musamupatse mowa. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi. Musamuyatsirenso makala.

Tibwerere ku makalawo. Tikudziwa kuti ambirife tinakula tikuotha mbaula mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikuwaza. Koma mbaula ija imakhala pakhonde kapena m'khitchini yapanja, ndipo nyumba zambiri zakwathu zili ndi mpata pakati pa khoma ndi denga. Ngakhale kumeneko, anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka amafa. Nyumba za kuno anazimanga kuti zisatulutse mpweya: mawindo a magalasi awiri, zitseko zokhala ndi labala m'mbali, makoma okutidwa m'kati. Chimene chimasunga kutentha chimasunganso poizoni.

Poizoniyo ndi carbon monoxide. Alibe fungo, alibe mtundu, satsamwitsa, salowa m'maso. Anthu amati, “Ndidikira utsi uthe, makala ayake bwino, ndiye ndilowetse.” Makala ofiira opanda utsi ndi amene akutulutsa mpweyawu mwakachetechete, ndipo amapitirizabe kwa maola ambiri ngakhale akuoneka ngati azima, phulusa litayera pamwamba. Mpweyawu ukalowa m'mapapo umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200, ndiye ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya munthu akupuma bwinobwino. Kutsegula zenera pang'ono sikukwanira. Kuika beseni la madzi pambali sikuthandiza chilichonse. Kunena kuti ndingofunditsa chipinda kwa mphindi 20 kenaka nditulutsa ndi kumene kwapha ambiri, chifukwa mpweyawu umayamba wafooketsa thupi ndi kusokoneza maganizo, munthu n'kulephera kudzuka pampando kuti akatsegule chitseko chimene akuchiona.

Zizindikiro zake zimanamiza: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka, kupuma mobanika, kupweteka pachifuwa. Zimafanana ndi chimfine, koma thupi silitentha. Mukaona kuti anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi ayamba kudwala mutu nthawi imodzi, kapena mutuwo umasiya mukatuluka panja n'kuyambiranso mukalowa, musamwe panado n'kukagona. Tulukani nonse nthawi yomweyo, zitseko musiye zotsegula. Ngati wina akubanika, wasokonezeka kapena wakomoka, imbani 999. Ngati nonse mukuyenda ndi kulankhula, imbani 111, nambala yofunsira malangizo achipatala, ndipo nenani momveka kuti mukuganizira carbon monoxide kuti akuyezeni magazi msanga. Amayi oyembekezera, makanda ndi odwala mtima akaonedwe ngakhale akunena kuti ali bwino. Ngati mukukayikira boiler kapena chitofu cha gasi, nambala yangozi ku England, Scotland ndi Wales ndi 0800 111 999. Musalowenso mpaka akatswiri atanena.

Uvuni ndi mafuwa a chitofu cha gasi cha m'khitchini n'zophikira basi, si zootha. Jenereta ikhale pabwalo penipeni, mamita osachepera 6 kuchokera pa zitseko ndi mawindo, ngakhale kukugwa mvula, ngakhale mukuopa akuba.

Nanga kuzizirako mutani? Sankhani chipinda chimodzi chaching'ono, mukhalemo nonse, mutseke makatani ndi zitseko za zipinda zina, pansi pa chitseko mutsekepo ndi thaulo. Valani zovala zopyapyala zingapo mophatikiza, juzi pamwamba, chipewa ndi sokosi. Zimafunda kuposa chijasi chimodzi. Idyani, imwani za m'fulasiki ija, ndipo muzidzuka kuyendayenda ola lililonse. Gwiritsani tochi m'malo mwa kandulo. Imbani 105, nambala yaulere ya mavuto a magetsi ku England, Scotland ndi Wales, kuti mumve nthawi imene akuyembekezera kuyatsa. Akanena kuti zitenga usiku wonse ndipo muli ndi khanda kapena gogo, pitani kwa abale kapena a mpingo amene ali ndi magetsi kusanade, kapena funsani khonsolo za malo ofundirako. Mabanja okhala ndi ana osakwana zaka 5, oyembekezera, okalamba kapena odalira makina a chipatala alembetse lero ku Priority Services Register, mndandanda wa anthu ofunika thandizo lapadera magetsi akathima, kudzera ku kampani yawo ya magetsi. N'zaulere.

Pomaliza, onani ngati m'nyumba mwanu muli alamu ya carbon monoxide, chifukwa ya utsi ija siimva mpweyawu. Ku England, kuyambira pa 1 Okutobala 2022, eni nyumba zalendi ayenera kuika alamuyi m'chipinda chilichonse chimene muli boiler kapena chotenthetsera chokhazikika choyaka moto. Ngati mulibe, alembereni landilodi lero. Mukamagula nokha, yang'anani chizindikiro cha EN 50291, isankheni ya batire kuti izigwira ntchito magetsi atathima, ndipo dinani batani loyesera mumve ngati ikulira chenjezo lina la nyengo lisanatuluke.