Nsanja ya Eddystone: kumanga pathanthwe lomira m'nyanja

Miyala ya Eddystone ili m'nyanja, pafupifupi makilomita 20 kuchokera ku doko la Plymouth ku England. Madzi akadzaza, yambiri mwa iyo imamira, ndipo zombo zinkasweka pamenepo osaiona. N'chifukwa chake anamangapo nsanja yowunikira zombo, osati kamodzi koma kanayi.

Ziwiri zoyambazo zinali zodalira matabwa. Ya Henry Winstanley inayatsidwa mu 1698, koma namondwe wa mu Novembala 1703 anaikokolola pamodzi ndi mwini wakeyo, amene anali momwemo kukonza zowonongeka. Ya John Rudyard inapirira mafunde zaka zoposa 40, kenako inapsa mu 1755, moto utayambira kudenga la chipinda cha makandulo.

Yachitatu, ya John Smeaton, ndi imene amisiri amaphunzirapo mpaka lero. Iye anaona kuti funde siligonjetsedwa ndi khoma loongoka. Choncho anaiumba ngati thunthu la mtengo wa oak: yotambalala pansi, pafupifupi mamita 8, n'kumawonda mokhota mpaka mamita 5 pamwamba. Kulemera kwake kwakukulu kunali m'munsi, ndipo funde likamenya linkakwera n'kutha mphamvu.

Ntchito inayamba mu 1756 ndi kusema thanthwe lenilenilo. Popeza linali lopendekeka, analidula masitepe, n'kugoba mipata yopapatiza kukamwa, yotambalala mkati. Mwala uliwonse unasemedwa kuti ulowe mumpata wake ndi kukolana ndi unzake, monga mmene kalipentala amalumikizira ngodya za bokosi ndi mano. Mwala wotere suzuka pokoka cham'mbali. Kunja anaika miyala yolimba ya granite ya ku Cornwall, mkati miyala ya ku Portland yosavuta kusema. Mzere uliwonse wa miyala ankayamba auyesa pamtunda, ku Millbay mumzinda wa Plymouth, asanaukweze m'boti, chifukwa pathanthwepo panalibe nthawi yokonza zolakwika: ankagwira maola ochepa chabe madzi akaphwa, ndiponso m'miyezi yabata yokha.

Nanga mzere wapamwamba usatsetsereke pa wapansi? Pakati pa mizere analowetsa timiyala ta marble, theka m'munsi theka m'mwamba. Mwala wongoikidwa kumene ankaukhomerera ndi zikhomo za mtengo wa oak, kuti funde la usiku lisaunyamule matope omangira asanagwire.

Matopewo ndi amene anali vuto lalikulu. Laimu wamba salimba m'madzi, amangosungunuka. Amisiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti mwala wolimba kwambiri ndiwo umatulutsa laimu wabwino. Smeaton atayesa mitundu yosiyanasiyana anapeza kuti chinsinsi ndi dongo: mwala wa laimu wokhala ndi dongo pang'ono, ukaotchedwa, umapereka laimu wouma ngakhale pansi pa madzi. Anatenga wa ku Aberthaw ku Wales, n'kusakaniza muyezo wofanana ndi phulusa la mapiri ophulika, lotchedwa pozzolana, lochokera ku Italy. Simenti imene timamangira lero inatsata njira imeneyi.

M'zipinda za pamwamba munali vuto lina. Pansi pa chipinda chilichonse panali pokhota ngati uta, ndipo pokhota potero pamakankhira makoma kunja. Anazunguliza matcheni achitsulo m'ngalande zosemedwa m'khoma, n'kuthiramo mtovu wosungunula kuti dzimbiri lisalowe.

Nsanjayi, yotalika mamita 22, inayatsidwa pa 16 Okutobala 1759 ndi makandulo 24 basi. Inagwira ntchito zaka zoposa 120, ndipo chimene chinalephera si nsanjayo ayi, koma thanthwe: nyanja inalikumba kunsi mpaka nsanja inkagwedezeka mafunde akakula. James Douglass anamanga ina ya mamita 49 pamwala woyandikana nawo, yomwe inayatsidwa mu 1882 ndipo ikuwalabe, ngakhale kuti kuyambira 1982 simukhalanso alonda. Gawo la pamwamba la nsanja ya Smeaton analiphwasula n'kukalimanganso pa Plymouth Hoe, malo okwera oyang'ana kunyanja mumzinda wa Plymouth. Chitsa chake chikadali m'nyanja pambali pa nsanja yatsopanoyo.